Kupeta Utsi: M'mene Miyala Ina Imagwirira Mpweya Wotenthetsa Dziko

Kupeta ndi ntchito yodziwika m'mudzi uliwonse. Chimanga chikakonoledwa mumtondo, mayi amachithira m'lichero, nachiponya m'mwamba mwaluso kufikira gaga atapita kwake ndipo mphale itatsala yokha. Ntchitoyi imatheka chifukwa gaga ndi wopepuka, mphale ndi yolemera, ndipo zonse ziwiri zimaoneka ndi maso. Koma masiku ano akatswiri a sayansi ali pa ntchito ina yopeta imene lichero silingaithe. Iwo akufuna kupeta utsi wotuluka m'machumuni a mafakitale kuti apatulemo mpweya umodzi wokha, wosaoneka ndi wosanunkha, umene dzina lake ndi carbon dioxide. Mwa njira zimene akugwiritsa ntchito pali ina yotchedwa pa Chingerezi pressure swing adsorption, kapena mwachidule PSA. Nkhani ino ikufotokoza m'mene njirayi imagwirira ntchito, kumene yathandiza, ndi pamene ikuvutika.

Mpweya umene ukusakidwa

Wophunzira aliyense amene adafika ku sekondale akukumbukira tsiku limene aphunzitsi adamuuza kuti auzire mpweya ndi kabango m'madzi a laimu, madziwo nasanduka oyera ngati mkaka. Chimene chidayeretsa madziwo ndi carbon dioxide, mpweya umene Joseph Black wa ku Scotland adaufotokoza m'zaka za m'ma 1750. Mpweyawu umatuluka munthu akamapuma, mowa ukamawira mumbiya, ndiponso paliponse pamene nkhuni, makala, malasha, petulo kapena dizilo zikuyaka. Pa wokha suli mdani, pakuti zomera zimaufuna popanga chakudya, ndipo ukadapanda kukhalapo dziko likadazizira koopsa. Vuto lagona pa kuchuluka kwake, chifukwa uli ndi khalidwe lotsekereza kutentha kumene kukadachoka padziko kupita kuthambo.

Mpweya uliwonse ndi wopangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu. Mafakitale asanachuluke, mwa mamolekyu 1,000,000 aliwonse a mpweya wa mumlengalenga, pafupifupi 280 ndiwo adali a carbon dioxide. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 adapeza pafupifupi 315, ndipo pofika mu 2024 chiwerengerocho chidali chitapitirira 420. Mu 2023 mokha, kutentha malasha, mafuta ndi gasi, pamodzi ndi ntchito za m'mafakitale, kudatulutsa matani oposa 37 biliyoni a mpweyawu. Dziko likamatentha, mpweya wa mumlengalenga umanyamula chinyontho chochuluka, pafupifupi magawo 7 pa 100 owonjezera pa digiri iliyonse, ndipo mvula ya mkuntho imagwa mwaukali. Anthu a kum'mwera kwa Malawi, amene adaona mapiri akugumuka pa nthawi ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, akudziwa chimene mvula yotere imachita, ngakhale kuti dziko lawo lili m'gulu la maiko otulutsa mpweyawu pang'ono zedi.

Akale adati madzi akatayika saoleka. Carbon dioxide akangomwazika mumlengalenga, molekyu imodzi yokha mwa mamolekyu pafupifupi 2,400 ndiyo imakhala yake, kotero kuti kumutolera kumeneko ndi ntchito yowawa ndi yokwera mtengo. M'chumuni zinthu n'zosiyana. Utsi wa fakitale yopanga magetsi ndi malasha umakhala ndi magawo 12 mpaka 15 pa 100 a carbon dioxide, ndipo wa fakitale yoyendera gasi umakhala ndi magawo 3 kapena 4. Utsi wa fakitale ya simenti umakhala ndi ochuluka koposa, popeza mwala wa laimu ukatenthedwa nawonso umatulutsa mpweyawu: makilogalamu 100 a mwala weniweni amasiya makilogalamu 56 a laimu, ndipo 44 otsalawo amauluka. Gawo lalikulu la utsi wotsalawo ndi naitirojeni, mpweya wosapweteka umene ndi magawo 78 pa 100 a mpweya umene anthu amapuma, pamodzi ndi nthunzi ya madzi ndi okosijeni pang'ono. Tsono ntchito yonse ndi yopatula carbon dioxide kwa naitirojeni utsiwo usanatuluke m'chumuni.

Kumwa ndi kumamatira

Pofuna kumvetsa njira ya PSA, ndi bwino kuyamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ophunzira ambiri amazisokoneza pa mayeso. Pali kumwa, kumene kumachitika mpweya ukalowa m'madzi n'kusakanikirana nawo, monga m'chakumwa cha m'botolo chimene chimachita thovu chikatsekulidwa. Palinso kumamatira, kumene kumachitika mamolekyu akangokakamira pankhope pa chinthu cholimba osasanduka chinthu china. Fungo la utsi limene limatsalira pa zovala za munthu amene wakhala pamoto, n'kudzachoka zovalazo zikayanikidwa pamphepo, ndi chitsanzo cha kumamatira. Timapaketi ta timibulu timene timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano kapena m'botolo la mankhwala timagwira chinyontho mwa njira yomweyo. Kumamatira kumeneku ndiko mawu a Chingerezi akuti adsorption akutanthauza.

Popeza mamolekyu amamatira pankhope pokha, pamafunika chinthu chokhala ndi nkhope yaikulu kwambiri m'malo ochepa, ndiye kuti chinthu chodzaza ndi timphako. Chimodzi mwa zinthu zotere ndi makala okonzedwa mwapadera, amene amapangidwa potentha zikamba za kokonati, mitengo kapena malasha, kenaka n'kuzipyoza ndi nthunzi yotentha kwambiri. Galamu imodzi ya makala otere imatha kukhala ndi makoma a timphako okwana masikweya mita 1,000, kotero kuti magalamu 7, osadzaza ngakhale chikhatho, ali ndi nkhope yofanana ndi bwalo la mpira.

Chinthu chachiwiri ndi mwala wotchedwa zeolite. Amene adaupatsa dzinali ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden mu 1756. Iye atatenthetsa mwala wina adaona ukutulutsa nthunzi ngati ukuwira, motero adalumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuwira ndi mwala. Zeolite amene amagwiritsidwa ntchito lero ndi wopangidwa m'mafakitale, ndipo kampani ya Union Carbide ya ku America idayamba kumugulitsa mu 1954. Mtundu wake wotchedwa 13X umabwera ngati timibulu tonga njere za mapira, ndipo timphako take n'tofanana tonse, kukula kwake pafupifupi milimita imodzi itagawidwa ka 1,000,000.

Munthu angaganize kuti mwalawu umagwira ntchito ngati sefa, kulola zazing'ono kudutsa ndi kutsekereza zazikulu. Sizili choncho, pakuti carbon dioxide ndi naitirojeni onse awiri amalowa m'timphako ta 13X mosavuta. Chimene chimawasiyanitsa ndi mphamvu ya magetsi. M'makoma a timphakoto muli tizigawo ta sodiyamu tokhala ndi mphamvu yokoka. Molekyu ya carbon dioxide ili ndi kaboni pakati ndi okosijeni mbali zonse ziwiri, ndipo mphamvu yake ya magetsi siidagawike mofanana, kotero kuti imakokedwa kwambiri. Naitirojeni amakokedwa pang'ono, okosijeni pang'ono koposa, pamene madzi amakokedwa kuposa onsewa. Ndondomeko imeneyi, ya madzi patsogolo, kenaka carbon dioxide, naitirojeni ndi okosijeni pambuyo, ndiyo imafotokoza ubwino ndi mavuto onse a njirayi.

Luso la kugwira ndi kutaya

Kugwira mpweya kokha sikovuta. Madzi a laimu a m'kalasi aja amagwira carbon dioxide bwino lomwe, koma amamugwira kotheratu, namusandutsa choko. Kuti mpweyawo utulukenso pamafunika moto wa madigiri pafupifupi 900, monga wa m'ng'anjo zootchera laimu. Fakitale imene ikutulutsa utsi usana ndi usiku singakwanitse kutaya chogwirira chake nthawi iliyonse chikakhuta. Imafuna chinthu chogwira mokwanira kuti chipatule mpweyawo, komanso chofulumira kuutaya chikauzidwa kutero, kuti chigwirenso ntchito kambirimbiri.

Apa ndi pamene kupanikiza kumalowerapo. Munthu akamapopa tayala la njinga amakhala akuthithikiza mamolekyu ambiri m'malo ochepa. Mamolekyu akachulukana chotero amagunda makoma kawirikawiri, ndipo ngati makomawo ndi a zeolite, ambiri amamatira. Mphamvu yopanikizayo ikachepetsedwa, mamolekyu aja amamasuka n'kutuluka okha popanda kusonkhezera moto. Kukweza ndi kutsitsa mphamvu yopanikiza mobwerezabwereza ndiko kudapatsa njirayi dzina lake.

Makina ake amakhala ndi mathanki osachepera awiri odzazidwa ndi timibulu ta zeolite, olumikizidwa ndi mapaipi ndi mavalavu. Poyamba utsi umakankhiridwa m'thanki yoyamba kufikira mphamvu yopanikiza itakwera. Kenaka valavu ya kumapeto imatsekulidwa, naitirojeni nadutsa kupita kunja, carbon dioxide natsalira pa timibulu. Timibuluto sitikhuta tonse pa nthawi imodzi. Timayamba kukhuta ndi ta pakhomo, ndipo malire a tokhuta ndi tosakhuta amasendera pang'onopang'ono kumapeto, monga m'mene parafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Malirewo asanafike kumapeto, utsi umapatutsidwira ku thanki yachiwiri. Pamenepo thanki yoyamba imatsekulidwa cha kumene utsi udalowera, mphamvu yopanikiza nitsika, ndipo carbon dioxide amatuluka ali wochuluka. Pomaliza mpweya pang'ono umapitirizidwa m'thankimo kuti utsuke zotsalira. Mutu umodzi susenza denga: pamene thanki ina ikugwira, inzake imakhala ikutaya, ndipo zimasinthana pakangopita mphindi zochepa, kotero kuti utsi suima.

Amene adatulukira kayendetsedwe ka mathanki awiriwa ndi Charles Skarstrom wa ku kampani ya Esso ku America. Adapempha chiphaso cha umwini wa luso lakeli mu 1958, chaka chomwe Keeling adayamba kuyeza mpweya ku Hawaii, ndipo adachilandira mu 1960. Ntchito yoyamba ya makina ake idali youmitsa mpweya wonyowa. Pa nthawi yomweyo akatswiri a kampani ya Air Liquide ku France adakonza njira yofanana nayo, imene m'malo modalira kupanikiza kokha imayamwa mpweya m'thanki ndi pampu. M'zaka za m'ma 1960 njirayi idayamba kugwiritsidwa ntchito poyeretsa haidirojeni m'mafakitale oyenga mafuta, ndipo kufikira lero imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zake zazikulu.

Anthu ambiri a kuno ku Malawi adaionapo njirayi osadziwa dzina lake. Kamakina kamene kamaikidwa pambali pa bedi la wodwala wobanika, kolumikizidwa ku magetsi ndipo kamamveka ngati kakuusa moyo pakapita kamphindi, kali ndi timathanki tiwiri ta zeolite m'kati. Kamakoka mpweya wa m'chipinda umene uli ndi magawo 21 pa 100 a okosijeni, naitirojeni namamatira, ndipo wodwala amalandira mpweya wa magawo 90 mpaka 95 pa 100. Kuusa moyo kuja ndi naitirojeni akutayidwa. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, mu 2020 ndi 2021, makina otere, aang'ono ndi aakulu omwe, adapulumutsa miyoyo yambiri m'zipatala za dziko lino.

Chifukwa chake utsi ndi wovuta

Ngati njirayi ili yodalirika chotero m'chipatala, bwanji siidamangidwe pa chumuni chilichonse? Zifukwa zake zilipo zitatu.

Choyamba ndi chinyontho. Utsi umatuluka uli wotentha, wonyowa, ndiponso wodzaza ndi fumbi ndi mipweya ya sulufule. Zeolite amagwira bwino akakhala wozizira, ndipo monga taonera kale m'ndondomeko ija, amakonda madzi kuposa carbon dioxide. Madzi akalowa m'timphako amakhazikika, osafuna kutuluka ngakhale mphamvu yopanikiza itatsika, ndipo mwalawo umafooka. Motero utsi uyenera kuziziritsidwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa usanafike ku mathanki, ndipo zonsezi zimadya ndalama ndi magetsi. Makala okonzedwa aja saopa kwambiri chinyontho, koma sagwira carbon dioxide wochuluka akakhala wochepa mu utsi.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa utsiwo. Kupanikiza utsi wonse wa fakitale yaikulu kukutanthauza kuwononga magetsi popanikiza naitirojeni amene pomaliza adzangotayidwa. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri amatsata nzeru ya ku France ija: utsi umalowa wopanikizidwa pang'ono chabe, ndipo pampu imayamwa thankiyo pa nthawi yotaya. Komabe mapampu oyamwa nawonso ndi aakulu ndiponso amadya magetsi ambiri.

Chachitatu ndi chakuti m'chipatala chofunika ndi mpweya umene wadutsa, pamene pa chumuni chofunika ndi umene wamamatira. Pakati pa timibulu pamatsalira naitirojeni amene amatuluka limodzi ndi carbon dioxide n'kumusungunula. Cholinga chimene ofufuza ambiri amadziikira ndi kugwira magawo 90 pa 100 a mpweyawu, ndipo utuluke uli woyera magawo 95 pa 100. Kuti afikepo, kawirikawiri amayenera kutsuka thanki ndi carbon dioxide wogwidwa kale, kapena kupeta kawiri, makina achiwiri nalandira zimene oyamba atulutsa. Walira mvula walira matope: bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC lidawerengera mu 2005 kuti fakitale ya magetsi yogwira ndi kusunga mpweyawu imafuna mphamvu yowonjezera ya magawo 10 mpaka 40 pa 100 kuti itulutse magetsi ofanana ndi a inzake yosagwira.

Kumene yagwira ntchito

Chitsanzo chachikulu chidachitika ku Port Arthur m'chigawo cha Texas ku America. Kumeneko kampani ya Air Products ili ndi mafakitale awiri opanga haidirojeni kuchokera ku gasi, ndipo mu 2013 idamaliza kuikapo makina oyamwa aja, okonzedwa kuti azigwira matani pafupifupi 1 miliyoni pa chaka. Koma mpweya umene makinawo amapeta si utsi wa m'chumuni. Ndi mpweya wa m'kati mwa fakitale, umene umafika uli wopanikizidwa kale ndiponso wopanda fumbi. Ku Japan kampani ya JFE Steel idayesa njirayi pa fakitale yake ya ku Fukuyama, pa mpweya wa m'ng'anjo zosungunula chitsulo, umene uli ndi magawo oposa 20 pa 100 a carbon dioxide. Phunziro lake ndi limodzi: njirayi imachita bwino pamene mpweya wofunidwawo uli wochuluka, wouma, kapena wopanikizidwa kale.

Pa machumuni aakulu a malasha ndi simenti, njira imene yatsogola ndi ya kumwa. Utsi umasambitsidwa ndi mankhwala amadzi otchedwa amine, ndipo mankhwalawo amatenthetsedwa ndi nthunzi ya madigiri pafupifupi 120 kuti ataye mpweyawo. Njira imeneyi ndiyo idaikidwa pa fakitale ya magetsi ya Boundary Dam ku Canada mu 2014, ndiponso pa fakitale ya simenti ya ku Brevik ku Norway mu 2025. Chimene PSA ikupambanira ndi chakuti siifuna nthunzi kapena mankhwala odya zitsulo. Chiyembekezo chake chagona pa zogwirira zatsopano, makamaka zotchedwa MOF, zimene akatswiri amazimanga ndi timphako ta kukula kumene akufuna, ndipo zina mwa izo sizigonja msanga ku chinyontho. Mu 2025 Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa zinthu zimenezi.

Mpweyawo upite kuti?

Kugwira mpweya sikuthetsa nkhani, pakuti uyenera kukhala ndi kopita. Wina umagulitsidwa kwa opanga zakumwa, zozimitsira moto ndi feteleza wa yureya, koma msika umenewu ndi waung'ono, ndipo mpweya wa m'chakumwa umabwerera mumlengalenga botolo likangotsekulidwa. Wofuna kuusunga kotheratu ayenera kuupanikiza kufikira utakhala ngati madzi, n'kuukankhira m'miyala ya pansi pa nthaka, mamita 800 kapena kupitirira. Anthu a ku Norway adayamba kuchita zimenezi ku Sleipner, pansi pa nyanja, mu 1996. Mpweya wa ku Port Arthur udatumizidwa m'mapaipi kupita ku zitsime zakale za mafuta za ku West Hastings, kuti ukakankhe mafuta otsalira pansi. Mpweyawo umatsala m'nthaka, koma mafuta otulukawo akatenthedwa amabala carbon dioxide wina, ndipo ichi ndicho otsutsa amachiloza.

Masamu ochepa akuonetsa kukula kwa katunduyu. Makilogalamu 12 a kaboni akapsa amabala makilogalamu 44 a carbon dioxide, popeza amatenga okosijeni wa mumpweya. Lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3. Galimoto imene yamwa malita 50, olemera makilogalamu pafupifupi 37, imatulutsa makilogalamu 115 a mpweyawu, kuposa matumba awiri a chimanga. N'chifukwa chake kumanga mathanki a zeolite kumbuyo kwa minibasi n'kovuta. Ndipo pofika mu 2024, makina onse ogwira mpweyawu padziko lonse, a njira zonse pamodzi, adali ndi mphamvu yogwira matani pafupifupi 50 miliyoni pa chaka, osakwana gawo limodzi mwa magawo 500 a zimene zidatuluka.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero kuti machumuni aakulu a malasha ali kwa anansi, monga ku Hwange ku Zimbabwe, ku Maamba ku Zambia ndi ku South Africa. Komabe nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi omaliza sukulu m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kuweruza. Munthu akamva kuti kwabwera makina othetsa utsi, ayenera kufunsa kuchuluka kwa carbon dioxide mu utsiwo, kumene magetsi oyendetsa makinawo achokere, ndi kumene mpweya wogwidwawo ukasungidwe. Lonjezo losayankha mafunso atatuwa ndi losakwanira. Pa ntchito monga ya simenti, pamene mwala weniweniwo ndiwo umatulutsa mpweya, kugwira n'kofunika. Pamene pali njira yopewera kutentha malasha ndi mafuta, kupewako kumakhala kotsika mtengo.

Njira yachiwiri ndi ya ntchito. Makina a okosijeni a m'zipatala amafuna amisiri odziwa chifukwa chake masefa ayenera kutsukidwa, chifukwa chake chinyontho sichiyenera kufika pa zeolite, ndi chimene chikuchitika m'kati pamene chiwerengero cha okosijeni chayamba kutsika. Mnyamata kapena mtsikana amene wamvetsa mathanki awiri a Skarstrom wamvetsa kale gawo lalikulu la ntchito imeneyi, ndipo mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira ake sayansi yomwe maiko akuluakulu akulimbana nayo pa machumuni awo angathe kuyamba ndi kuwatengera ku chipatala chapafupi, kuti akamvetsere kamakina kaja kakugwira ndi kutaya.